Bini Yanga Yatsopano Siikutseguka

Funso: Ndinagula bini yapulasitiki yopondera ndi phazi m'sitolo ina pa boma, koma chivindikiro, chopondera ndi kachitsulo kopindika anandipatsa zili pazokha, popanda pepala la malangizo. Ndayesa kuzilumikiza, koma ndikaponda, chivindikiro sichikutseguka. Kodi ndangotaya ndalama zanga? Mayi wa ku Mpondasi, Mangochi

Yankho: Mayi, ndalama zanu sizinapite m'madzi, ndipo ndikukhulupirira kuti vuto lagona pa kachitsulo kaja, chifukwa ndi kamene kamakankha chivindikiro mukaponda pansi.

Tulutsani ndowa yam'kati, ngati ilimo, kenako tembenuzani bini kuti muone kunsi kwake. Chopondera chili ndi timano tiwiri m'mbali timene timalowa m'mabowo a pansi, ndipo tikalowa bwino mudzamva kaphokoso kakuti "tha!" Kumapeto kwa chopondera, chakumbuyo, kuli kabowo kolowetsamo mbali yam'munsi ya kachitsuloko. Mukatero imitsani bini, lowetsani mbali yopindika yam'mwamba m'kabowo ka chivindikiro pafupi ndi polumikizira, ndipo pomaliza penipeni kanikizani chivindikirocho m'malo mwake. Ambiri amayamba ndi chivindikiro poti ndicho chooneka chosavuta, kenako kachitsulo kamasowa polowera. Mukaona kuti kakukanabe, katembenuzeni, chifukwa mwina mwakaika chadodolido. Chonde musamenye ndi hamala kapena mwala, pakuti timano timeneti tikathyoka ndi tovuta kukonza.

Mukaikamo jumbo, pindirani milomo yake kunja kwa ndowa yam'kati osati pa bini yeniyeniyo, apo ayi chivindikiro chizitsekeka mosiya mpata, ntchentche n'kumalowa. Kumbukiraninso kuti boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) m'chaka cha 2015, choncho gwiritsani ntchito okhuthala kapena yalani nyuzipepala zakale pansi.

Chimene ndikukudandaulirani kwambiri ndi ichi: ndi kutentha kwa kuno kunyanja, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, matumbo ndi mamba a chambo asagone m'bini. Mazira a ntchentche amaswa pasanathe tsiku limodzi kukatentha, moti zimene mwataya madzulo mukhoza kuzipeza mawa lake zikuyenda mphutsi. Zotere kazikwirireni kudzala tsiku lomwelo. Bini muziitsuka ndi sopo kamodzi pa sabata n'kuiumitsa pamthunzi, popeza pulasitiki yokhalitsa padzuwa imauma gwa n'kuyamba kusweka.