Tifunseni za Nyimbo: Odziwa ng'oma akafika pa piyano

FUNSO: Ndimaphunzitsa kiyibodi pa kalabu ya nyimbo kusukulu kwathu. Anyamata atatu amadziwa kale ng'oma za beni ndi manganje, ndipo mmodzi amalizanso mangolongondo. Nyimbo akaimva kawiri aigwira, koma zala n'zouma, makiyi amawamenya ngati ng'oma, manotsi safuna n'kuwaona komwe. Wamangolongondoyo akuti kiyibodi yathu sinachunidwe bwino. Ndiyambire pati? Mphunzitsi, Mangochi.

YANKHO: Aphunzitsi, anyamatawa musawatenge ngati oyamba kumene. Khutu ndi kusunga nthawi, zimene ophunzira ena amalimbana nazo kwa zaka, iwo ali nazo kale. Chatsala ndi zala ndi maso. Mukawayambitsira tsamba loyamba la buku, lija la notsi imodzi yowerengera mpaka 4, mwezi usanathe abwerera kung'oma.

Wodandaula za kachunidweyo sakunama. Piyano imagawa octave, kuchoka pa C kufika pa C wotsatira, m'masitepe 12 ofanana, iliyonse ya masenti 100 pa muyeso wa ochuna. Zoimbira ngati ulimba ndi bangwe nthawi zambiri zimagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 pafupifupi ofanana, iliyonse ya masenti 171, ndipo mangolongondo amachunidwa ndi khutu la wosema. Pa kagawidwe ka 7 kameneka, notsi yachinayi imagwera pa 514, pafupi ndi F amene ali pa 500. Yachisanu pa 686, pafupi ndi G wa 700. Koma yachitatu ili pa 343, pakati pa E flat (kiyi yakuda ya kumanzere kwa E) ndi E, pomwe piyano ilibe kiyi. Mnyamatayo akufuna liwu limene kiyibodi ilibe. Muuzeni zimenezi poyera, asaganize kuti khutu lake ndi lolakwa. Posamutsira nyimbo yakumudzi pa kiyibodi, yambani ndi C, F ndi G. Pa notsi yachitatu ayese E, ayesenso E flat, asankhe yekha yomwe ikumukomera.

Tsopano manja. Mangolongondo amalizidwa ndi anthu awiri okhala moyang'anana, wina akulowetsa mawu ake m'mipata ya mnzake. Piyano imafuna kuti munthu mmodzi akhale anthu awiri amenewo. Choncho musayambire pa makiyi. Akhale patebulo, awerenge 1 mpaka 12 mobwerezabwereza. Dzanja lamanzere ligunde pa 1, 4, 7 ndi 10. Lamanja pa 1, 3, 5, 7, 9 ndi 11. Manja akumana pa 1 ndi 7 basi. Wang'oma izi azichita tsiku lomwelo. Zikakhazikika, asamutsire pa kiyibodi: lamanzere pa C wa m'munsi, lamanja pa G. Kenako lamanja liziyenda pa G, A, G, E, lamanzere osasintha. Pakatha masabata awiri kapena atatu, lamanzere liyambe kugwira makodi atatu, kutanthauza manotsi olizidwa pamodzi: C-E-G, F-A-C ndi G-B-D. Nyimbo zambiri zakwaya zimayenda pa makodi amenewa.

Kumenya makiyi kuli ndi chifukwa chake. Pang'oma mphamvu imachokera kumkono, ndipo dzanja limadumpha msanga kuti chikumba chilire. Pa piyano chala chikachoka, liwu lazima. N'chifukwa chake nyimbo zawo zikumveka zodukaduka. Kwezani kapena tsitsani mpando mpaka chigongono chilingane ndi makiyi, mapewa agwe, zala zipindike ngati zafumbata ndimu, zikhadabo ziwengedwe. Zala zili ndi manambala: chachikulu ndi 1, chamkombaphala 2, mpaka kakang'ono 5. Alize C, D, E, F, G pang'onopang'ono, chala chisanyamuke mpaka chinzake chitatsika. Mphindi 10 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu Loweruka lokha. Zala 4 ndi 5 zidzafooka, ndipo mudzaona mnyamata akupendeketsa dzanja lonse kuti azithandize. Muimitseni, achepetse liwiro. Pa sikelo ya C, kuliza makiyi oyera motsatizana kuchoka pa C kufika pa C wotsatira, dzanja lamanja limayenda 1-2-3, chala chachikulu n'kudutsa pansi kukagwira F, kenako 2-3-4-5. F akamveka mokweza kuposa anzake, ndiye kuti chigongono chikutayidwa kunja m'malo moti chala chipinde chokha.

Pa kuwerenga m'pamene aphunzitsi ambiri amapusitsidwa. Mukaliza nyimbo kaye kenako n'kuwapatsa pepala, aiimba bwinobwino maso ali papepala, koma akutsata khutu. Musawalizire. Apatseni kachidutswa katsopano ka mabala 4 (tizigawo ta nyimbo tolekanitsidwa ndi mizere yoimirira papepala) nthawi iliyonse, aombe m'manja kagundidwe kake, atchule mayina a manotsi, kenako alize. Njira ina yabwino kwambiri ndi kulemba nyimbo imene akuidziwa kale, poyamba m'zilembo za d, r, m zimene makwaya amagwiritsa ntchito, kenako pa mizere 5. Akaona kuti madonthowo ndi nyimbo yawo yomwe, mantha amatha. Pa phunziro la mphindi 45, ife tingagawe chonchi: 10 zala, 20 kuliza ndi khutu, 15 kuwerenga.

Batani la transpose, lija lokweza kapena kutsitsa nyimbo yonse zala zisanasinthe malo, liletseni chaka choyamba. A khutu lakuthwa amalikonda, chifukwa amaphunzira kuliza mu C basi n'kumangosuntha ndi batani, ndipo tsiku lokumana ndi piyano yeniyeni amasowa pogwira. Nyimbo iliyonse yomwe aidziwa mu C aisamutsire mu G, momwe F amakhala F sharp (kiyi yakuda ya kumanja kwa F), ndi mu F, momwe B amakhala B flat.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi amavina likwata ndipo akufuna kuphunzira piyano. Kodi ndigule ya makiyi angati? Mayi, Namwera.

YANKHO: Mayi, piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, koma kiyibodi ya makiyi 61 ikwanira zaka ziwiri zoyamba. Chofunika kwambiri ndi ichi: musanalipire, dinani kiyi imodzi mofatsa, kenako mwamphamvu. Liwu likhale losiyana kukula kwake. Likafanana, isiyeni, chifukwa mwana sangaphunzirepo kufewetsa dzanja. Makiyi akhale a kukula kwenikweni, osati tating'ono tazidole, ndipo kumbuyo kukhale polowetsa pedulo, choponda ndi phazi chotalikitsa liwu. Ngati ndi yakaunjika, lizani makiyi onse imodziimodzi. Kunyumba muziifunditsa chitenje chifukwa fumbi likalowa pansi pa makiyi ena amasiya kulira, isakhale padzuwa, ndipo mukaisunga nthawi yaitali chotsani mabatire asadonthere mkati.