Magetsi akazima pafakitale, maola odikira amalipira ndani?

Bambo a ku Nkhotakota, mwalemba kuti mumagwira ntchito pafakitale yopuntha mpunga. Magetsi akazima masana, abwana amakuuzani kuti musachoke. Jenereta sayatsa poti dizilo wakwera mtengo, ndiye magetsi akayaka madzulo mumapuntha mpaka usiku. Pakutha pa mwezi maola odikira aja amawadula, ovataimu osaoneka.

Vuto la magetsi ndi lenileni. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi adzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, usiku sathandiza. Koma kusankha kudikira ESCOM m'malo mogula dizilo ndi nzeru ya mwini bizinesi, ndipo mtengo wake asausenzetse inu.

Lamulo la Employment Act la 2000 likuti maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Mukapitiriza maola anu a tsiku wamba, ola lililonse malipiro ake ndi ola limodzi ndi theka. Likakhala tsiku lanu lopuma kapena la tchuthi cha boma, amalipira kawiri.

Pa maola odikira ndi pomwe abwana adzalimbe. Adzati makina sanali kuyenda. Ine ndikuona kuti munthu amene wamuletsa kutuluka pageti, wakhala pathumba la mankhusu kudikira kuti babu liyake, ali pantchito. Sangapite kumunda, sangapite kunyanja. Akanakumasulani n'kukuuzani nthawi yobwerera, nkhani ikanavutirapo.

Yambani lero kulemba m'kope: tsiku, nthawi yolowa, yomwe magetsi azima, yomwe ayaka, ndi yoweruka. Anzanu awiri azisainira. Mapepala a malipiro musataye, ngakhale atathimbirira ndi gaga. Milandu yotere imagwa chifukwa chosowa umboni, osati chifukwa lamulo ndi lofooka.

Kenako lemberani abwana kalata yodandaula, ina musunge. Akapanda kuyankha, pitani ku ofesi ya zantchito paboma, kumene ambiri amangoti ku Leba. Mkulu wa kumeneko amaitana mbali zonse kuti mugwirizane. Zikakanika, nkhani imapita ku khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court ku Lilongwe, ndipo kumeneko mutha kudziyankhulira nokha opanda loya.

Za mantha ochotsedwa ntchito: kudandaula kuti lamulo laphwanyidwa si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu. Akakuchotsani, kadandauleni ku Leba isanathe miyezi itatu.