Ndili ndi malaputopu, ndikufuna kuphunzitsa ana coding: ndiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Ndirande. Anamaliza maphunziro a zamakompyuta, ndipo kampani ina yawapatsa malaputopu akale asanu ndi atatu. Akufuna kuyambitsa bungwe lophunzitsa coding, kapena kuti kulemba mapulogalamu a pakompyuta, kwa anyamata ndi atsikana omwe makolo awo sangakwanitse kulipira maphunziro otere. Akufunsa kuti: ayambe alembetsa bungwe kuboma, kapena ayambe afunafuna madona?

Achemwali, zonse ziwirizo zidikire kaye. Yambani kuphunzitsa. Pezani ana ochepa omwe mungathe kuwadziwa mayina onse, pemphani chipinda kutchalitchi kapena pasukulu ya pulayimale ana akaweruka, ndipo muphunzitse mpaka temu yonse ithe. Zomwe mudzaone pa temu imeneyo palibe fomu ya kuboma imene ingakuuzeni.

Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri. Remy Gakwaya, wothawa kwawo ku Burundi, anayambitsa TakenoLAB, gulu lophunzitsa coding, ali ndi ophunzira ochepa chabe komanso makompyuta osakwanira. Ankasindikiza chithunzi cha kiyibodi papepala, ophunzira n'kumapita nacho kunyumba kukazoloweretsa zala. Kampani ya Microsoft ndi bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR anadzatsegula AppFactory, malo ophunzitsira kupanga mapulogalamu, kumeneko mu 2017, ntchito itayamba kale kuoneka. Inuyo muli ndi malaputopu asanu ndi atatu, mukuyambira pamwamba kuposa pamene iye anayambira.

Malaputopu amenewo akukwanira ana 16, awiriawiri. Musaone ngati kukhala awiri ndi umphawi. Akatswiri enieni amagwira ntchito motero: wina akulemba, wina akuyang'ana zolakwika, kenako asinthana. Chachikulu n'chakuti muziwasinthanitsa inuyo ndi wotchi, chifukwa mukawalekerera, mnyamata wolongolola amakumbatira kiyibodi mpaka kuweruka, mtsikana wamanyazi n'kungokhala woonerera.

Tsiku loyamba musayembekezere coding. Mwana yemwe sanagwirepo kompyuta amagwira mausi ndi manja awiri, kachizindikiro kakathawira m'mphepete amaiutsa m'mwamba kuifunafuna. Amasakasaka chilembo chimodzi pakiyibodi, milomo ikutchula chilembocho. Mpatseni nthawi. Akazolowera, mutsegulireni Scratch, pulogalamu yaulere yomwe inapangidwa ku yunivesite ya MIT ku America ndipo inatuluka mu 2007. Ili ndi mtundu wake wongoika pakompyuta, wosafuna intaneti. Mwana amakoka kachidutswa kolembedwa kuti "move 10 steps", n'kudina, kamphaka kapasikirini n'kusuntha. Akasintha 10 uja n'kuikapo 100, kamphaka n'kulumpha, mudzamva mfuu m'chipinda monse. Pamenepo wadziwa yekha kuti makina amamvera zimene iye walamula. Zilankhulo za coding monga Python, HTML ndi zina zija zibwere pambuyo pake.

Chingerezi ndi chopinga chenicheni ndipo ambiri sachitchula. Pulogalamu ikalakwika, kompyuta imadandaula m'Chingerezi, ndipo mwana yemwe Chingerezi chimamuvuta amangoganiza kuti ndi mbuli, n'kusiya kubwera. Fotokozani m'Chichewa, mawu a Chingereziwo muziwalemba pabolodi, awazolowere pang'onopang'ono.

Za magetsi mukuzidziwa kale, a ESCOM sapangana ndi ndondomeko yanu ya maphunziro. Yesani mabatire a malaputopu onsewo musanaitane mwana aliyense, popeza laputopu yakale nthawi zambiri imazima mukangozula pulagi. Ndalama yoyamba imene mungapeze, ine ndingati ipite ku mabatire atsopano kapena kasola ndi inveta, osati ku zikwangwani ndi matisheti. Ndipo magetsi akazima musabweze ana. Pali maphunziro otchedwa CS Unplugged, ochokera ku New Zealand, ophunzitsa kaganizidwe ka kompyuta popanda kompyuta. Jambulani mabokosi pansi ndi choko, mwana mmodzi akhale loboti, anzake azimulamula kuti pita kutsogolo kawiri, khotera kumanja. Akagunda khoma, onse afufuze lamulo lomwe linalakwika. Imeneyo ndi coding ndithu.

Koma chimene chidzakuvutitseni mtima si zipangizo ayi. Ndi ana kusiya. Mtsikana amabwera milungu itatu, kenako zii. Mukafufuza mupeza kuti nthawi ya phunziro ndi imene amatunga madzi, kuphika kapena kugulitsa mandasi a amayi ake. Wina akuchokera kusukulu asanadye kanthu kuyambira m'mawa. N'chifukwa chake ndimati kaonaneni ndi makolo pakhomo pawo musanalembe mwana, mugwirizane nawo za nthawi, ndipo phunziro lizitha kusanade kuti atsikana afike kwawo kukuwala. Ngati mungathe kugula nthochi kapena kuphika phala, teroni. Madona ena amaona ngati chakudya sichikukhudzana ndi coding, koma mwana wanjala sangalimbane ndi pulogalamu yokana kuyenda.

Chonde musalonjeze ana ndi makolo awo kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi adzakhala pantchito. Si zoona, ndipo akakhumudwa adzanyoza ntchito yonse. Alonjezeni zimene mungakwanitse: kuti adzapanga kamasewero kawo, tsamba la paintaneti la okala ya amalume awo, kapena kaundula wa banki mkhonde ya amayi awo. Omwe aonetsa luso muwalumikize ndi malo othandiza achinyamata pa zaukadaulo ngati mHub ku Lilongwe, yomwe Rachel Sibande anayambitsa mu 2013, kapena muwalimbikitse kulimbikira masamu kuti adzalowe ku MUBAS kapena ku MUST.

Popeza mukusunga ana a eni, ikani malamulo kuyambira tsiku loyamba. Wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka. Zithunzi za ana zisapite pa Facebook makolo asanavomere, ndipo musamajambule umphawi wawo pofuna kukopa thandizo.

Tsopano za kulembetsa. Temu ija ikatha ndipo mwaona kuti mupitiriza, pitani ku ofesi ya achinyamata kapena ya zachisamaliro cha anthu kukhonsolo, akuuzeni njira yolembetsera ngati gulu la m'dera. Kukhala NGO yeniyeni kumafuna kulembetsa ku NGORA, yomwe kale inkatchedwa NGO Board lamulo lisanasinthidwe mu 2022, ndipo kumabwera ndi bodi, malipoti a chaka ndi chaka komanso kuwerengetsa ndalama. Kuthamangira zimenezo mulibe ndi kalasi yomwe n'kudzisenzetsa katundu pachabe. Kuyambira lero, komabe, sungani malisiti onse ndi kaundula wa ana obwera tsiku lililonse.

Mukadzapita kwa madona, tengani kaundulayo, laputopu imodzi yokhala ndi ntchito za anawo, ndi bajeti yoona. M'bajetimo musachite manyazi kulembamo ndalama ya mphunzitsi. Ambiri amakonda kugula zipangizo chifukwa zimaoneka bwino pachithunzi, pamene mphunzitsi wongodzipereka amachoka akangopeza ntchito yolipidwa, ndipo sitingamuimbe mlandu. Yambani ndi kampani yomwe inakupatsani malaputopu ija: aitaneni adzaone zimene ana apanga, kenako muwapemphe malipiro a mphunzitsi mmodzi kwa chaka chathunthu.