Satifiketi ya Seva Ikatha Ntchito

Funso: Pulogalamu yathu ikukana kulumikizana ndi seva, ikuti satifiketi ya chitetezo (chikalata cha pakompyuta chotsimikizira kuti sevayo ndi yeniyeni) inatha ntchito. Kodi tingoiuza kuti isiye kuunika satifiketi?

Yankho: Chonde musatero, chifukwa mukagwiritsa lamulo loletsa kuunika satifiketi, monga `curl -k`, pulogalamuyo idzakhulupirira seva iliyonse, ngakhale ya wakuba amene akufuna mawu anu achinsinsi. Yambani mwaona deti la pakompyuta, popeza likalakwika uthenga wake ungakhale womwewu. Nthawi zina vuto limakhala pa satifiketi yaikulu yakale, yomwe imatsimikizira masatifiketi ena. Pa 30 Sepitembala 2021, satifiketi yaikulu yotchedwa DST Root CA X3 itatha, makina ogwiritsa ntchito pulogalamu yachitetezo ya OpenSSL 1.0.2 anayamba kukana masatifiketi abwinobwino a Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketi, ndipo anthu anakonza pochotsa yakaleyo m'ndandanda wa masatifiketi odalirika n'kusiyamo satifiketi yaikulu yatsopano ya ISRG Root X1. Ngati satifiketi yomwe yathadi ndi ya seva yanu, tengani yatsopano pogwiritsa ntchito certbot, pulogalamu yotengera masatifiketi a Let's Encrypt.