Kodi Red Hat idatsekadi source code ya RHEL?

Mwafunsa ngati kampani ya Red Hat idaphwanya laisensi ya GPL posiya kugawa poyera source code ya RHEL (Red Hat Enterprise Linux, Linux yomwe imagulitsa), komanso kumene mungasamutsire maseva anu a CentOS 7.

Pa 21 Juni 2023 Red Hat idalengeza kuti yasiya kuika source ya RHEL pa git.centos.org. Poyera padangotsala CentOS Stream, Linux yomwe imayenda patsogolo pang'ono pa RHEL, ndipo source yeniyeni ya RHEL imatengedwa pa Customer Portal ndi okhawo ali ndi subscription. GPL sikakamiza kampani kupatsa dziko lonse source. Imangoti amene walandira pulogalamu apatsidwenso source yake, ndipo zimenezo Red Hat ikuchita. Nkhani yagona pa mgwirizano wa subscription. Mukagawira ena zomwe mwatenga pa Portal, GPL ikukulolani, koma kampaniyo ikhoza kuthetsa mgwirizano wanu, ma update n'kusiya kubwera. Bungwe la Software Freedom Conservancy lidadzudzula kachitidwe kameneka. Ine ndimati lamulo sadaliswe, koma adadutsa m'mphepete mwenimweni.

Opikisana nawo, amene amapanga ma Linux ofanana ndi RHEL, adayankha mosiyana, ndipo apa ndi pamene zikukukhudzani. AlmaLinux idasiya zofanana ndi RHEL pa chilichonse mpaka ma bug omwe. Idasankha kugwirizana pa ABI basi, kutanthauza kuti pulogalamu yopangidwira RHEL iziyenda popanda kuikonzanso, ndipo imamanga makamaka kuchokera ku CentOS Stream. Ubwino wake ndi woti imatha kutulutsa patch osadikira Red Hat. Rocky Linux idakakamira kufanana ndendende, ndipo idati izitenga source kudzera m'ma container a UBI (amene Red Hat imagawa mwaulere) ndi maseva a RHEL obwereka pa cloud. Mu Ogasiti 2023 makampani a CIQ (yomwe imathandiza Rocky Linux), Oracle ndi SUSE adakhazikitsa bungwe la OpenELA kuti source yogwirizana ndi RHEL izipezeka kwa aliyense. Musawaone ngati angelo, makampani atatuwa amagulitsa support ndipo akufuna makasitomala a Red Hat omwewo.

Posankha, musayambire pa mkanganowu. Yambani ndi kufunsa amene adakugulitsani database kapena pulogalamu ya backup kuti amavomereza distro (mitundu ya Linux) ziti. Ena amalemba RHEL ndi Oracle Linux okha, ndiye mukawaimbira muli pa Rocky amatha kukana kukuthandizani ngakhale vuto lisakhudze OS. Seva yotereyo ilipirireni RHEL. Ngati makina ndi ochepa, Developer Subscription ya munthu payekha ndi yaulere mpaka makina 16, koma muziikonzanso chaka ndi chaka. Maseva a webusaiti ndi ena wamba, Alma kapena Rocky zikukwanirani. CentOS Stream imathandizidwa pafupifupi zaka 5 pomwe RHEL ndi zaka 10, choncho siyenera seva yoiika n'kuiiwala.

CentOS 7 idasiya kulandira ma update pa 30 Juni 2024, ndiye musazengereze. Chida cha ELevate cha AlmaLinux, chomwe chimagwiritsa ntchito leapp (pulogalamu ya Red Hat yokwezera RHEL), chimakweza 7 kupita ku 8, kenako 8 kupita ku 9, osalumpha. Tengani kaye snapshot, kopi ya seva mmene ilili panopa, kuti muzitha kubwererako. Yendetsani leapp preupgrade n'kuwerenga /var/log/leapp/leapp-report.txt. Chilichonse cholembedwa inhibitor chimaimitsa ntchito yonse. Zovuta zambiri zimachokera ku ma package a ma repo akunja ndi ma driver a kernel amene adachotsedwa mu 8, makamaka a ma RAID controller akale, moti seva imatha kuyaka osaona disk yake.

Onaninso purosesa poyendetsa lscpu. RHEL 9 imafuna purosesa ya mulingo wa x86-64-v2, pomwe RHEL 10 imafuna v3, ndiye ngati avx2 palibe pa mndandanda wa ma flag, RHEL 10 ndi Rocky 10 sizidzayaka. AlmaLinux 10 ili ndi mtundu wina womangidwira v2, wa makina akale oterowo.