Funsani Mmisiri: Tingalawa ta Matanga Kuno Kumtunda

Makalata a mwezi uno akukhudza luso lomwe silidziwika kwenikweni kuno kwathu, lopanga tingalawa ta matabwa totsanzira ngalawa zakale zoyenda ndi matanga. Ndasankhapo anayi, ndipo yoyambayo ndaiyankha motalikirapo chifukwa mayankho a enawo atsamira pa iyo.

FUNSO: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale ku Katete, ndipo ana ambiri m'kalasi mwanga sanaionepo nyanja, nanji ngalawa ya matanga. Ndinaona pa Facebook chithunzi cha kangalawa kotsanzira HMS Victory, ndipo mtima wanga unakhumbira kuti ndipange kotero koika m'kalasi. Kodi ndiyambire pati, nanga kakhale kakakulu bwanji? Mphunzitsi, Katete.

YANKHO: Aphunzitsi, cholinga chanu nchabwino, koma ngalawa mwasankhayo ndikukupemphani kuti muyambe mwaiika padera. HMS Victory inatsitsidwira m'madzi ku Chatham m'chaka cha 1765, inali ngalawa ya Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi a ku Britain, pankhondo ya ku Trafalgar mu 1805, ndipo mpaka lero ikusungidwa ku Portsmouth. Inkanyamula mizinga 104, inali ndi milongoti itatu, ndipo zingwe zake zonse mutazilumikiza zingapitirire makilomita 40. Wofuna kuitsanzira mokhulupirika ayenera kusema mzinga uliwonse ndi kangolo kake, nkumanga chingwe chilichonse pamalo pake, ndipo ngakhale amisiri ozolowera imawatengera zaka. Ana amene mukufuna kuwaonetsawo adzamaliza sukulu inu mukali pa mizinga.

Chimene muyenera kuchigwiritsa poyamba ndi sikelo, chifukwa ndiyo imasiyanitsa kangalawa kotsanzira mbiri ndi chidole. Mwana wopinda galimoto ya mawaya amayeza ndi maso, ndipo mateyala akakula kuposa thupi palibe amene amamuimba mlandu. Inu mulibe ufulu umenewo. Mukasankha sikelo ya 1:100, ndiye kuti mita imodzi ya ngalawa yeniyeni ikhala sentimita imodzi pa kanu, ndipo lamuloli ligwira chilichonse, kuyambira msana wa ngalawa, thabwa lalitali la pansi penipeni, mpaka kachingwe komangira thanga. Cutty Sark, imene inamangidwa ku Dumbarton mu 1869 kuti izitenga tiyi ku China ndipo tsopano ili ku Greenwich, thupi lake ndi lalitali pafupifupi mamita 65, choncho kanu kakhala masentimita 65. Munthu wa msinkhu wa mamita 1.7 atsala masentimita 1.7, thabwa la masentimita 20 m'lifupi litsala mamilimita 2, ndipo chingwe chonenepa masentimita 3 chifanana ndi ulusi wosokera malaya. Ine ndimadula kamunthu ka katoni ka msinkhu woyenera nkumakaimika pambali pa chilichonse chimene ndasema. Khomo likamufika m'chiuno, kapena chiwongolero chikamuposa kawiri, ndimadziwa kuti ndalakwitsa ndisanapake guluu.

Tsono m'malo mwa Victory, bwanji osayamba ndi ngalawa ya thanga limodzi yonga zimene zinkayenda pa Nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1800? A Jumbe a ku Nkhotakota, amene woyamba wawo anali Salim bin Abdallah wochokera kugombe la Aswahili, ankamanga ngalawa zoterezi zowolotsera minyanga ya njovu ndi akapolo kutsidya lakum'mawa, ndipo ena mwa katunduyo ndi anthuwo ankachokera mbali zathu zino, kudzera njira zodutsa chigwa cha Luangwa. Ngalawayi ili ndi mlongoti umodzi wopendekera kutsogolo, mtanda wautali wopachikapo thanga la ngodya zitatu, ndi zingwe zowerengeka. Tiyerekeze kuti inali ya mamita 15; pa sikelo ya 1:25 mupeza kangalawa ka masentimita 60, kokhala bwino patebulo la mphunzitsi, ndipo matabwa ake ndi aakulu mokwanira kugwirika ndi zala. Kuwonjezera apo, phunziro lake ndi la mbiri ya ana anu enieniwo. Pa kapepala kofotokoza musalembe kukongola kwa thanga kokha ayi, mulembenso chimene ngalawazo zinkanyamula.

Ngati mtima uli pa ngalawa za ku Ulaya ndithu, dziwani kuti nyumba yosungira mbiri ya zapamadzi ya ku Greenwich imasunga mapulani akale a ngalawa zambiri za ku Britain ndipo imagulitsa makope ake. Za Vasco da Gama wa ku Portugal, monga São Gabriel imene inafika pachilumba cha Mozambique mu 1498, mapulani ake sanapulumuke, kotero tingalawa tonse totchedwa dzinalo ndi tongoganizira potengera zojambula za nthawiyo.

Kamangidwe kamene ndimalimbikitsa nkofanana ndi kumanga nkhokwe: mafupa ayambe, chophimba chibwere pambuyo. Dulani msana wa ngalawa pa plywood wopyapyala, mucheke mipata, nkulowetsamo nthiti zisanu ndi zitatu kapena khumi zodulidwa motsata pulani, iliyonse itaima chilili osapendekera mbali. Kenako salazani m'mphepete mwa nthitizo ndi sandipepa womata pa kathabwa, mpaka kamzere ka thabwa kakagonekedwa pamwamba pake kazikhudza nthiti zonse popanda kusiya mpata. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo oyamba kumene ambiri amaidumpha, kenako nkumadabwa kuti thupi la kangalawa latuluka mabampu. Pokhoma matabwa a m'mbali kumbukirani kuti ngalawa ndi yonenepa pakati koma yowonda kutsogolo. Yezani m'mphepete mwa nthiti iliyonse ndi kapepala. Ngati ya pakati ili mamilimita 60 ndipo mukufuna matabwa 12, lililonse likhala mamilimita 5 pamenepo. Ngati ya kutsogolo ili mamilimita 36, thabwa lomwelo liyenera kusongoka mpaka mamilimita 3. Mukakhoma limodzi kumanja, lotsatira likhale kumanzere, chifukwa mukamaliza mbali imodzi yokha guluu pouma amakoka msana nkuukhotetsa.

FUNSO: Ndine kalipentala ku Kapata ndipo ndili ndi zidutswa zambiri za mlombwa zotsala popanga zitseko. M'mabuku amatchula mitengo ya kunja imene kuno kulibe. Kodi mlombwa ungagwire ntchitoyi? Kalipentala, Chipata.

YANKHO: Bambo, mlombwa inu mukuudziwa kuposa ine, ndipo pa chitseko palibe mtengo wouposa. Vuto lake pa kangalawa ndi maonekedwe a mitsempha yake. Timabowo ndi mizere imene imakongoletsa chitseko, ikakhala pa kathabwa ka mamilimita 5 imaoneka ngati ngalande, ndipo sikelo tanena ija imasokonekera pomwepo. Amisiri a ku Ulaya amakonda mtengo wa mapeyala a kwawo ndi wina wotchedwa boxwood pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti mitsempha yake ndi yothinana moti siioneka. Kuno kwathu khalidwe lomwelo mulipeza mu mtengo wa mandimu, wa malalanje ndi wa gwafa, imene anthu amangoisonkhezera pamoto akaidulira. Jakaranda ndi woyera, wofewa ndiponso wosavuta kupinda, choncho ndi wabwino pa matabwa a m'mbali. Malaina ndi wopepuka ndipo sapindika chisawawa akauma, koma amachedwa kuuma mkati. Nsungwi zimapereka timisomali tamtengo ndi mitanda yopyapyala yosathyoka msanga, ndipo kachidutswa ka phingo, mukakapeza, nkokwanira kusema tizigudumu tonse todutsamo zingwe. Mlombwa wanuwo usungireni poikira kangalawa ndi mafelemu a bokosi lake, pamene kufiira kwake kudzaonekere bwino.

Chachikulu nchakuti mtengo ukhale wouma. Kangalawa kanga kachiwiri ndinakapanga ndi thabwa limene wogulitsa wina ananditsimikizira kuti lauma, ndipo ndinakamaliza mu Epulo mvula itangosiya. Pofika Okutobala, dzuwa lija limang'amba nthaka, ndinamva kulira kwa "tswa" pashelefu usiku, ndipo m'mawa ndinapeza mng'alu wolowa chikhadabo kuyambira kutsogolo mpaka pakati. Kuyambira pamenepo ndimacheka timatabwa tanga nkutisanjika pamthunzi, totalikirana ndi timitengo, kwa chilimwe chathunthu ndisanatigwiritse ntchito.

Za zipangizo musade nazo nkhawa. Mpeni wa msumeno wachitsulo wakutha, mukaunola pamwala, umasanduka kampeni kosemera. Sipoko ya njinga yosongoledwa imaboola timabowo ta zingwe, ndipo m'tauni ya njinga ngati Chipata masipoko sasowa. Chidutswa cha galasi losweka chimapala thabwa kuti lisalale kuposa sandipepa. Popinda thabwa, liviikeni m'madzi otentha kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, mulikulunge pang'onopang'ono pa chitini chotenthetsedwa pambaula, ndipo mudzalimva m'zala likufewa ngati chikopa. Likavomera, limangeni pa nthiti ndi malegeni ndi mapegi oyanikira zovala, ligone momwemo usiku wonse, ndipo guluu mupake mawa lake litauma.

FUNSO: Ndili ndi zaka 13. Ndinasema kangalawa ka milongoti itatu nkukaika padamu, koma mphepo itangowomba pang'ono kanagubuduzika. Ndinayesa kanayi. Ndinalakwitsa chiyani? Mnyamata, Lundazi.

YANKHO: Mwana wanga, manja ako sanalakwitse, koma masamu ndiwo akulimbana nawe. Ukachepetsa ngalawa ka 100 m'litali, thanga lake limachepa ka 100 kuchulukitsa ndi 100, ndiye kuti ka 10,000, pamene kulemera kwa thupi lake kumachepa ka 1,000,000. Choncho poyerekeza ndi kulemera kwake, kangalawa kako kasenza matanga aakulu kwambiri, chonsecho mphepo ya padamu ndi yomwe ija, siinachepetsedwe ndi munthu. Nchifukwa chake tingalawa totsanzira mbiri timapangidwira pashelefu, ndipo toyenda pamadzi timakhala ndi msana wowonjezera umene ngalawa yeniyeni inalibe. Khoma kathabwa kopyapyala kotsika pansi pa msana masentimita 15 kapena 20, kumapeto kwake umangeko bawuti yolemera, uchotseko matanga a pamwamba, ndipo thupi lonse ulipake penti wa mafuta, popeza guluu woyera wa akalipentala amafewa m'madzi. Yamba kuyesa m'bafa, ndipo kudamu uzipita ndi munthu wamkulu.

Usachite manyazi, chifukwa zoterezi zinagwerapo mfumu. Pa 10 Ogasiti 1628, ngalawa yankhondo ya mfumu ya ku Sweden yotchedwa Vasa, yokhala ndi mizinga 64, inanyamuka padoko la Stockholm paulendo wake woyamba anthu akuonerera. Inali yolemera kumwamba koma yopepuka pansi. Itayenda mamita pafupifupi 1,300 mphepo inaipendeketsa, madzi analowera m'mazenera a mizinga amene anali otsegula, ndipo inamira pomwepo. Anaivuula mu 1961, patatha zaka 333, ndipo lero ili m'nyumba yakeyake mumzinda womwewo.

FUNSO: Malemu bambo anga anasiya kangalawa kamene anapanga ali mnyamata. Zingwe zake zalendewera, matanga adetsedwa ndi fumbi, ndipo pansi pake ndikupezapo kaufa. Ndikakonze bwanji? Mayi, Petauke.

YANKHO: Mayi, kaufako ndiko kofunika changu, chifukwa kakusonyeza kuti mkati muli afumbwe. Funafunani timabowo, mudonthezemo mankhwala otetezera matabwa amene amagulitsidwa m'masitolo a zomangira, pogwiritsa ntchito jakisoni, mutavala magolovesi ndiponso muli panja. Kaikeni papepala loyera kwa milungu ingapo kuti muone ngati ufa ukugwabe. Fumbi lichotseni ndi kabulashi kofewa kouma, osati nsalu yonyowa, ndipo matanga musawachape, popeza nsalu yakale imasosoka ikangonyowa. Ngati lina lang'ambikiratu, dulani latsopano pa nsalu yopyapyala ya malaya akale a thonje, muliviike mu tiyi wosalowerera kwambiri kuti lifanane ndi anzake.

Zingwe zisintheni chimodzichimodzi, ndipo musanadule chilichonse jambulani zithunzi za mbali zonse pafoni, chifukwa mukazichotsa zonse pamodzi simudzakumbukira kumene chilichonse chinkapita. Mudzaona kuti mwina bambo anu anagwiritsa ntchito ulusi wa mitundu iwiri. Pa ngalawa zenizeni za ku Ulaya, zingwe zochirikiza milongoti ankazipaka phula lakuda kuti zisaole, pamene zokwezera ndi kutsitsira matanga ankazisiya zotuwa kuti ziziyenda bwino m'tizigudumu. Ulusi watsopanowo muudutsitse kawiri kapena katatu pa phula la njuchi kuti ubweya wake ugone ndiponso kuti usamamwe chinyezi cha dzinja, ndipo pomanga musakoke kwambiri, chifukwa mlongoti wokalamba suchedwa kuthyoka. Mfundo iliyonse muidonthezere kaguluu kosungunula ndi madzi.

Mukamaliza, pemphani kalipentala akupangireni bokosi la galasi lotseka bwino, ndipo muliike patali ndi zenera lolowa dzuwa komanso losatsamira khoma kumene chiswe chingakwere. Pansi pa bokosilo mumatepo kapepala kolembapo dzina la bambo anu, chaka chimene mukuganiza kuti anakapanga, ndi zingwe zimene inu mwasintha.