Kodi boma limawerengera za ife lisanaletse majumbo?

Funso: Ndimagulitsa mandasi ku Ndirande. Majumbo opyapyala ataletsedwa, zokulungira zina zikundidyera phindu. Kodi asanakhazikitse lamulo ngati ili amawerengera zimene ife titaye? Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Mayi, ayenera kuwerengera, ndipo funso lanu ndi loyenera. Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma microns 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) linabwera mu 2015. Makampani opanga majumbo anakalitsutsa kukhoti, akuti anthu achotsedwa ntchito, koma mu 2019 khoti la Supreme linagamula kuti lamulolo likhalepo.

Poyeza lamulo, akatswiri amafunsa kuti alipire ndani, apindule ndani, nanga tikangosiya zinthu momwe zilili titaya chiyani. Mbali ya fakitale siyivuta: makina, malipiro, msonkho, zonse zili m'mabuku. Yovuta ndi mbali inayo. Ngalande zikatsekeka ndi majumbo, madzi amvula amalowa m'nyumba. Mbuzi ndi ng'ombe zimafa zikameza pulasitiki. Mtsinje wa Mudi mukuudziwa nokha. Ndalama zotayika pa mavuto amenewa zimatuluka m'matumba a anthu ambirimbiri pang'onopang'ono, choncho palibe amazilemba.

Ine ndimaliona lamuloli kuti ndi labwino. Chimene chimandipweteka n'chakuti amalonda ang'onoang'ono ngati inu samveka kawirikawiri pokambirana, pomwe makampani amabwera ndi maloya.

Lembani mtengo wa zokulungira pa sabata, kale ndi lero. Sonkhanitsani za anzanu kudzera mu komiti ya msika, mukazipereke kukhonsolo ndi ku MEPA, bungwe loyang'anira zachilengedwe.